Andipempha kukaimba limba pa nthawi ya nkhomaliro: ndivomere? Nanga ntchitoyi ingandidyetse?

Kalata yafika kuchokera kwa mnyamata wina, ndipo akuti: "Bambo, ndili ndi zaka 24. Ndinayamba ndi kiyibodi, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikuimba limba kutchalitchi kwathu Lamlungu lililonse. Akuluakulu a tchalitchi china chachikulu, chomwe chili ndi limba la mapaipi, andipempha kuti ndikaimbe ndekha pa konsati ya nthawi ya nkhomaliro, mphindi 40, pakatha miyezi itatu. Ndawauza kuti ndiganize kaye. Mapazi anga sanakhwime, ndipo sindinaimbepo popanda mpingo kuimba nane. Komanso ndiuzeni zoona: kodi munthu angadalire ntchito imeneyi pa moyo wake, kapena ingokhala ya Lamlungu basi?"

Achimwene, vomerani. Ndayambira kumapeto dala, chifukwa mukachedwa kuwayankha akuluakuluwo, mantha ndi amene akuyankhireni, ndipo paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Munthu amene wanyamula mpingo kwa zaka zitatu wadutsa kale pa mayeso ovuta kuposa konsati ya mphindi 40, kungoti mwini wakeyo sadziwa. Ine ndakhala pa benchi ya limba zaka zoposa 30, koma mpaka lero m'manja mumachita thukuta ndikamakwera masitepe opita kulimba. Thukutalo silitha. Umangozolowera kuimba nalo.

Muyambe mwadziwa anthu amene mukawaimbirewo. Konsati ya masana imasiyana ndi ya madzulo, imene anthu amatchenera ndi kugula matikiti. Masana kumabwera wa muofesi amene wathawako pang'ono mafoni, gogo wopuma pa ntchito amene sajomba sabata iliyonse, mlendo amene anangolowa kudzaona nyumbayo n'kukhala pansi atamva kulira kwa mapaipi. Kawirikawiri pakhomo salipiritsa, pamangokhala mbale ya chopereka potuluka. Wina amalowa nyimbo ili pakati, wina amatuluka isanathe, ndipo zimenezo zisakupwetekeni mtima. Oimba limba anzanu amabweranso, awiri kapena atatu, amakhala kumbuyo atapinda manja. Amenewo musawaimbire. Imbirani wa muofesi uja.

Mwambo woimba limba kunja kwa mapemphero ndi wakale ndithu. Mu 1578 mzinda wa Amsterdam utatembenukira ku chiphunzitso cha Calvin, limba linaletsedwa pa nthawi ya mapemphero. Koma malimba anali katundu wa mzinda, choncho mzindawo ndi umene unkalipira Jan Pieterszoon Sweelinck kuti aziimba mu tchalitchi cha Oude Kerk mapemphero asanayambe kapena atatha, anthu n'kumalowa kudzamvera. Anakhala pa limba limenelo mpaka imfa yake mu 1621. Ku Birmingham, ku England, mzinda uli ndi woimba limba wakewake, ndipo makonsati a masana a mu Town Hall akhala akuchitika kwa mibadwo. George Thalben-Ball anagwira ntchitoyo kuyambira 1949 mpaka 1983, n'kusiyira Thomas Trotter. Ndiye mukukalowa mu mzere wautali, ndipo mu mzere umenewo lamulo loyamba ndi wotchi.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira pa konsati yanga yachiwiri. Ndinakonza nyimbo za mphindi 45 zenizeni, n'kuiwala kuti pakati pa nyimbo pamafunika kusintha masitopu (zokoka zosankhira gulu la mapaipi loti lilire), kutembenuza mabuku ndi kulankhulako pang'ono. Nyimbo imene ndinaivutikira miyezi inayi ndinaiika kumapeto. Ndili mkati mwake, ndinayang'ana pa kagalasi kamene kamakhala pamwamba pa limba, n'kuona misana ya anthu ikutuluka pakhomo mwakachetechete, ena akuyenda chonyang'ama kuti nsapato zisamveke. Sanadane nayo nyimboyo ayi, nthawi yobwerera kuntchito inali itakwana. Ndinamalizira anthu asanu ndi awiri ndi wosesa. Chichokereni tsiku limenelo, akandipatsa mphindi 40 ndimakonza nyimbo za mphindi 32, ndipo ndimaziyeza ndi wotchi m'nyumba momwemo, chifukwa m'nyumba yaikulu munthu amaimba modekha kusiyana ndi kuchipinda kwake.

Tsopano za mapazi, amene pa limba amaimba makiyi awoawo apansi, zimene zikukusowetsani tulo. Palibe lamulo loti konsati yonse ikhale ya mapazi othamanga. Malimba ambiri a ku England m'zaka za m'ma 1700 analibe makiyi a kumapazi n'komwe, ndipo John Stanley, katswiri wosaona wa ku London, analemba nyimbo zokoma kwambiri za manja okha zimene zimaimbidwabe m'makonsati mpaka pano. Tengani imodzi kapena ziwiri za mtundu umenewo. Onjezani tinyimbo tiwiri kapena titatu ta mu Orgelbüchlein ya Bach, katswiri wopeka nyimbo wa ku Germany, buku limene iye mwini analikonza kuti wophunzira azolowere mapazi. Tambiri mwa tinyimboto sitipitirira mphindi ziwiri kapena zitatu, koma musatipeputse, tina timaluma. Kenako chitani chimene mumachidziwa kuposa onse okhala kumbuyo aja: tengani nyimbo ya mpingo imene anthu amaidziwa, muiimbe katatu kapena kanayi, ulendo uliwonse ndi mawu ena a limba, kamodzi mofatsa, kamodzi nyimbo ili kumapazi, komaliza ndi mphamvu zonse. Anthu amatuluka akung'ung'udza chimenecho. Yoyamba ikhale imene zala zanu zingaimbe ngakhale mutadzidzimutsidwa kutulo, chifukwa mphindi zitatu zoyambirira ndi pamene mtima umagunda kwambiri. Yovuta kuposa zonse muiike yachitatu kapena yachinayi, thupi litatentha koma mutu usanatope. Ndipo musaike nyimbo zaphokoso motsatizana. Limba lotsegula kukamwa konse kwa mphindi 15 limatopetsa makutu, ndipo anthu amasiya kumva.

Pa miyezi itatuyi, mapazi muziwapatsa mphindi 20 zawozawo tsiku lililonse. Pezani nsapato zopyapyala, za pansi pa chikopa, zokhala ndi kachidendene pang'ono, ndipo zisamapondenso panja. Kamchenga kamodzi kokha kamakanda makiyi. Maondo akhale moyandikana, ndipo phazi lizisuntha kuchokera pa kakolo, osati mwendo wonse. Musayang'ane pansi. Phazi limapeza malo ake pokhudza mipata ya pakati pa makiyi akuda, monga mmene munthu amapezera chitseko cha nyumba yake mumdima. Pa nyimbo iliyonse lembani ndi pensulo pamene mukupondera ndi chala ndi pamene mukupondera ndi chidendene, ndipo mukalemba musasinthenso. Chimene chimagwetsa ambiri amene anachokera ku kiyibodi ndi dzanja lamanzere: linazolowera kuimba besi, ndiye mapazi akatenga besiyo, dzanjalo limawatsatira ngati mwana wolira. Mankhwala ake ndi kuyeserera dzanja lamanzere ndi mapazi okha, pang'onopang'ono mpaka kufika potopetsa, dzanja lamanja lili pa ntchafu.

Koma chimene ndikufuna muchiope pang'ono ndi limba lachilendolo. Malimba a mapaipi palibe awiri ofanana. Lina lili ndi mizere iwiri ya makiyi, lina itatu kapena inayi. Kumapazi lina lili ndi makiyi 30, lina 32, ena owongoka, ena oyalidwa ngati chikupizo. Pa sitopu iliyonse mudzaona nambala: 8, 4, 2 kapena 16. Nambalayo ndi kutalika kwa paipi yaikulu ya gululo m'mafiti. Ya 8 imalira pa mlingo womwewo wa piyano, ya 4 imakwera okitevu imodzi (kuchokera pa do kufika pa do wotsatira), ya 2 imakwera awiri, ya 16 imatsika imodzi. Mukamanga mawu, yambani ndi 8, muike 4 pamwamba pake, kenako 2, ndipo 16 muisungire mapazi. Masitopu okhala ndi kalilime kachitsulo, monga Trumpet ndi Oboe, ali ngati mchere wa m'ndiwo, dzanja likalemera zonse zawonongeka.

Pemphani maola osachepera 6 pa limbalo, ogawidwa masiku awiri kapena atatu, ndipo limodzi mwa masikuwo likhale nthawi yomweyo ya masana. Chifukwa chake n'chakuti kutentha kumasintha mawu. Mpweya ukatentha, mapaipi wamba amakwera mawu, pamene a kalilime aja sasuntha kwenikweni, ndiye Trumpet imene inali bwino m'mawa kukuzizira imatha kumveka yokangana ndi anzake dzuwa lili paliwombo. Mukapeza sitopu yotero, isiyeni, musalimbane nayo. Tengani mnzanu wa makutu abwino akakhale pakati pa tchalitchi, kapena iye aimbe inu mutsike mukamvere nokha. Pa benchi pamanamiza. Mapaipi ena ali pamwamba pa mutu wanu ndipo mawu ake amakudumphani, ena ali kumbuyo kwanu ndipo amakugonthetsani pamene pansi akumveka pang'ono. M'nyumba ya miyala mawu amatsalira m'mwamba masekondi atatu kapena anayi, ndipo pa malimba ena pamakhala kampata pakati pa kudina kiyi ndi kumva kulira. Mukamadikira kumva musanadine yotsatira, mudzangoona nyimbo ikufooka mpaka kuima. Khulupirirani zala, ndipo muzidula manotsi pang'ono kuti nyumbayo ipeze mpata wopuma. Zonse zimene mwasankha lembani pa timapepala tomata pa buku, ndipo mufunse mwini limbalo mabatani osungira masitopu amene mwaloledwa kugwiritsa ntchito. Kufufuta zimene mnzako anasunga pokonzekera Lamlungu ndi njira yachidule yoti asadzakuitanenso.

Tsiku lina paipi idzakakamira. Zimachitika: kachitseko ka mphepo pansi pa paipi sikatseka, ndipo noti imodzi imangolira yokha ngakhale mwachotsa manja. Inandichitikirapo pakati pa nyimbo yofatsa. Dinani kiyiyo kangapo mofulumira. Ikakana, bwezani masitopu imodziimodzi mpaka mupeze yolakwayo, musamukire pa mzere wina. Mkati mwa limba musalowemo kukagwiragwira. Lembani m'kabuku ka zovuta kamene kamakhala pambali pa benchi, wokonza malimba adzaone.

Funso lanu lachiwiri ndi lolemera, ndipo sindikupakani mafuta pakamwa. Anthu amene amadya za limba lokha ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo ali m'makatedulo ndi m'matchalitchi akuluakulu kumene woimba limba amakhalanso mphunzitsi wa kwaya. Enafe timalumikiza: Lamlungu, maukwati, maliro, kuphunzitsa ana piyano, kuperekeza makwaya, mwina ndi ntchito ina yosakhudzana n'komwe ndi nyimbo. Izi si zachilendo ndipo si zochititsa manyazi. César Franck anaimba pa tchalitchi cha Sainte-Clotilde ku Paris kuyambira 1858 mpaka imfa yake mu 1890, koma masiku ake ambiri ankathera pa kuphunzitsa. Olivier Messiaen anakhala pa limba la tchalitchi cha La Trinité ku Paris komweko kuyambira 1931 mpaka 1992, uku akuphunzitsa ku sukulu ya nyimbo ya Conservatoire. Makonsati a masana enieniwo salemeretsa munthu. Kambiri amangokubwezera ya ulendo. Phindu lake n'loti anthu amakumva, dzina limayenda, ndipo iwe mwini umakakamizika kuphunzira nyimbo zatsopano m'malo mozungulira pa zomwezomwezo. Ngati muli ndi ntchito kapena sukulu, musaisiye chifukwa cha konsati imodzi.

Chimene chimasunga munthu pa benchi zaka zambiri ndi nyimbo za mpingo, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa achinyamata ambiri amaziona ngati ntchito ya ana. Bach ali mnyamata ku Arnstadt anapempha tchuthi cha milungu inayi mu 1705, nayenda pansi ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kupita ku Lübeck kukamvera katswiri wa limba Dieterich Buxtehude. Anabwerako patatha pafupifupi miyezi inayi. Akuluakulu a mpingo atamuitana, mlandu sunali wa kuchedwa wokha. Anamudzudzulanso kuti ankalowetsa zokometsera zachilendo m'nyimbo mpaka mpingo kusokonezeka. Ife oimba limba timakonda kuinena nkhaniyi moseka akuluakuluwo, koma ine pamene ndakulapa ndimaona kuti anali ndi mfundo. Ngati agogo a pa benchi yachitatu ataya nyimbo chifukwa cha luso lako, walephera ntchito imene anakuitanira, ngakhale utakhala Bach.

Kuperekeza mpingo kuli ndi malamulo ake amene palibe amakuombera m'manja ukawasunga. Mawu oyamba amene mumaimba anthu asanayambe kuimba akhale pa liwiro lenileni la nyimboyo, chifukwa ndi pamene mumawauza kuti tiyenda chonchi. Muzipuma nawo: kumapeto kwa mzere chotsani manja kanthawi kofanana ndi mpweya umodzi, ndipo mpata wa pakati pa ndime ukhale wofanana nthawi zonse kuti anthu asamachite kukuyang'anani. Njira yabwino yodziwira ndi kuimba nawo chamumtima. Mukabanika inu, ndiye kuti iwo abanika kale. Werengani mawu a ndime zonse Loweruka. Ndime yonena za imfa singalire ngati yonena za chigonjetso, ndipo woimba limba amene sawerenga mawu amadziwika pa ndime yachitatu. Mpingo ukayamba kukoka, musathamange kuwasiya m'mbuyo, ndipo musawonjezere phokoso. Dulani manotsi a kumapazi kuti kugunda kumveke, onjezani sitopu yowala ya 4 kapena 2, adzakupezani. Phunzirani kutsitsa nyimbo ndi kiyi imodzi pomwepo, chifukwa m'mawa mawu a anthu amakhala asanadzuke. Phunziraninso kudzaza mpata: mkwatibwi wachedwa, chopereka chatalika, abusa akufunafuna tsamba. Luso lopeka nyimbo pomwepo limayambira pa timipata timeneti, ndipo lidzakuthandizani kambiri kuposa nyimbo iliyonse yovuta ya m'buku.

Kwinako ndi kukhala ndi anthu. Ndaona akatswiri a zala zagolide akuchotsedwa chifukwa cha kukamwa, ndipo ndaona oimba wamba akukalamba pa benchi imodzi akukondedwa chifukwa sanachedwepo ndipo sananyozepo kwaya pagulu. Abusa kapena ansembe ndi amene amatsogolera mapemphero. Mukasiyana maganizo, kakambiraneni mkati mwa sabata, osati kubwezera ndi masitopu Lamlungu. Koma kufatsa kusakupusitseni pa nkhani ya malipiro. Ine ndinagwirapo pa tchalitchi china zaka zinayi pa mawu apakamwa, ndipo atsogoleri atasintha, atsopanowo anati sakudziwapo kanthu za maliro ndi maukwati amene ndinkayenera kulandirapo kangachepe. Pemphani kalata yolembedwa: mapemphero angati pa sabata, kwaya ndi ya ndani, maukwati ndi maliro amalipira ndani, tchuthi ndi masabata angati, ndipo mukadwala amapeza ndani wogwirizira. Charles-Marie Widor anaikidwa pa limba la tchalitchi cha Saint-Sulpice ku Paris mu 1870 ngati wongogwirizira kwa chaka chimodzi, nakhalapo mpaka 1933 popanda womuuza kuti tsopano watsimikizidwa. Nkhaniyo imakoma pokamba, koma inu musaitengere chitsanzo.

Muwerengerenso mtengo wina umene sulembedwa m'kalata. Loweruka ndi Lamlungu si zanu. Khirisimasi ndi Pasaka, anzanu akamapita kukacheza ndi abale, inu ndi pamene ntchito yafika pachimake. Kuyeserera kumachitika muli nokha m'nyumba yaikulu yozizira, kambiri usiku. Amene mudzakwatirane naye adziwiretu zimenezi. Komanso matchalitchi ambiri tsopano ali ndi malimba a magetsi, ena akuimbira magitala ndi ng'oma, ena akungoika nyimbo zojambulidwa kale. Woimba limba amene amanyoza zonsezi amadzitsekera yekha makomo. Amene amatha kuwerenga manotsi, kuimba ndi khutu, kuphunzitsa kwaya ndi kukhala pa kiyibodi gulu likamufuna sasowa pogwira. Inu munayambira ku kiyibodi, ndiye musautaye mwayi umenewo.

Pa za mapepala: Royal College of Organists ya ku Britain, imene inayamba mu 1864, imapereka mayeso odziwika a ARCO ndi FRCO, ndipo American Guild of Organists, ya mu 1896, ili ndi ake. Mayeso amenewa sayesa nyimbo zokonzekera zokha. Amayesanso kuwerenga nyimbo imene sunaionepo, kusintha kiyi ndi zina zimene woimba wa mpingo amakumana nazo. Amathandiza ngati mukulinga ku tchalitchi chachikulu kapena kukaphunzira kunja. Koma musanaganize za mayeso, pezani mphunzitsi. Apa ndiye ndikukakamizani. Konsati isanafike mukumane ndi woimba limba wodziwa, kawiri kapena katatu, akuoneni mmene mumakhalira pa benchi ndi mmene mumapondera. Zizolowezi zoipa za mapazi zimavuta kuchotsa zikakhazikika, ndipo mavidiyo a pa YouTube sangakuuzeni kuti benchi mwaikankhira kutali. Woyamba kumufunsa ndi mwini limba la kumene mukukaimbako. Ambiri amakondwa akafunsidwa.

Thupi nalo mulimvere. Kutopa kwa minofu mukayeserera n'kwachibadwa, koma ululu wa pa mkono, dzanzi la m'zala, kapena msana umene ukupweteka mpaka mawa lake ndi chizindikiro choti muime. Zikapitirira milungu iwiri, kapena chala chikayamba kupindika chokha mukamaimba, pitani kuchipatala msanga, musadikire kuti konsati idutse kaye. M'makutu mukamalira mukatha kuyeserera, ndiye kuti mukuyeserera mokweza kwambiri. Manotsi amaphunzirika bwino pa sitopu imodzi yofatsa ya 8. Ndipo ngati mantha afika poti simukugona kapena kudya kwa masiku angapo, kambiranani ndi dokotala kapena mlangizi. Mowa ndi mapiritsi opatsidwa ndi mnzanu kuti manja asanjenjemere, zimenezo ayi.

Sabata imodzi isanafike konsati, itanani anthu atatu kapena anayi, muimbe pulogalamu yonse osaima, mutavala zomwe mudzavale pa tsikulo. Jekete yothina m'mapewa imadziwika pa nthawi yolakwika. Pa tsikulo fikani ola limodzi nthawi isanakwane, muyese sitopu iliyonse imene mudzaigwiritse ntchito. Ngati akupatsani mpata wolankhula, ziganizo ziwiri pa nyimbo iliyonse zakwana: analemba ndani, ndipo amvetsere chiyani. Wotembenuza masamba mumuuze kuti azidikira mugwedeze mutu. Mukalakwitsa pitirirani, nkhope isaulule, chifukwa pansipo amene wamva ndi mmodzi kapena awiri, ndipo iwonso analakwitsapo pa malo omwewo. Mukamaliza tulukani poonekera muwerame, popeza anthu akhala mphindi 40 akumvera munthu amene sakumuona. Kenako bwererani ku benchi, bwezani masitopu onse, siyani zitseko za Swell, bokosi lotsekera ena mwa mapaipi, zotsegula kuti mapaipi a mkatimo azitentha ndi kuzizira limodzi ndi anzawo, chotsani timapepala tanu, ndipo muzimitse injini ya mphepo musanatsike.